Chigoli ndi cha ndani?



Pali funso looneka lachibwana limene ndakhala ndikulisinkhasinkha: mpira ukalowa muukonde, chigolicho ndi cha ndani? Wolengeza pa wailesi amatchula dzina limodzi. Ife pa Facebook timaika chithunzi cha munthu mmodzi. Kwathu ku Magaleta, m'boma la Neno, timu ikapambana amene amanyamulidwa m'mwamba ndi wogoletsa. Goloboyi amene wakhala akudzigwetsa pa nthaka youma masana onse amabwerera kwawo akutsimphina popanda womufunsa. Nanga mlongo wake wa wogoletsayo, amene wapita kuchigayo m'malo mwake kuti iye apeze mpata wosewera? Ameneyo ndiye satchulidwa n'komwe.

Mwina wina anena kuti, aaa, nkhani ya mpira ili ndi phindu lanji? Ilitu nalo. Yankho limene timapereka pa funsoli ndi limene limaumba khalidwe la mnyamata akayamba kutchuka. Ndi limenenso limapangitsa kholo kuona luso la mwana wake ngati chinthu choti lichisamale, ngati chibwana choti lichithetse, kapena ngati munda woti lidzakololemo. Maganizo anga ndi akuti luso limakhala m'miyendo ndi m'manja mwa munthu mmodzi, koma chipambano chimakhala ndi eni ambiri. Ndipo ngati eni ake ndi ambiri, aliyense wa iwo ali ndi udindo, komanso aliyense ali ndi malire oti asapyole.

Tiyambire m'bwalo momwe. M'chaka cha 2017, Tabitha Chawinga, mtsikana wochokera ku Rumphi, ankasewera mu timu ya Kvarnsveden ku Sweden. Anamwetsa zigoli 26 mu ligi yaikulu ya dzikolo, kuposa wina aliyense. Koma ligi itatha timu yake inatuluka, kutsikira ku ligi yaing'ono. Tangoganizani: wogoletsa kwambiri m'dziko lonse ali mu timu yanu, koma inu mukutsika. Zigoli za munthu mmodzi sizikanatha kutseka mabowo onse a pakati ndi kumbuyo.

Tsono yerekezani ndi zimene zinachitika mu Okutobala 2023 ku South Africa, pa mpikisano wa amayi wa COSAFA. Mng'ono wake, Temwa Chawinga, anamwetsa zigoli 9 mu mpikisanowo ndipo anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Koma pa masewero omaliza, pamene ma Scorchers anagonjetsa Zambia 2-1 n'kutenga chikhochi koyamba m'mbiri, Temwa sanagoletse. Anagoletsa ndi Asimenye Simwaka ndi Sabinah Thom. Tsiku limene dziko linkafunitsitsa chigoli, chinachokera kwa anzake. Adani akaika maso onse pa katswiri, mpata umatseguka kwina, ndipo timu yabwino ndi imene ili ndi munthu wokonzeka kulowa pampatapo. Katswiri wabwino nayenso ndi amene amalolera kukokera adani kwa iye kuti mnzake apeze danga.

Flames nayo inationetsa zofanana. Pa 18 Januwale 2022, ku Bafoussam m'dziko la Cameroon, inalepherana 0-0 ndi Senegal, timu imene pambuyo pake inatenga chikho cha AFCON. Amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino tsiku limenelo anali goloboyi Charles Thom, amene masewero awiri oyambirira anawayambira pabenchi. Pointi imeneyo inathandiza Malawi kudutsa ndime ya m'magulu koyamba. Munthu wa pabenchi akanakhala kuti ananyanyala, kusiya kukonzekera chifukwa sakumuseweretsa, mbiri imeneyo sikanalembedwa.

Mpira wa ntchemberembaye ndiye umaphunzitsa zimenezi mosabisa, chifukwa malamulo ake omwe amaletsa dyera. Sungathamange ndi mpira. Sungausunge kupitirira masekondi atatu. Mwa osewera 7, awiri okha ndi amene amaloledwa kuponyera pagolo, ndipo wogoletsa wamkulu saloledwa kutuluka m'chigawo chake cha kutsogolo kukadzitengera mpira kumbuyo. Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino kwambiri pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, alibe chochita ngati anzake sanamubweretsere mpira. Pamene ma Queens anadabwitsa dziko pogonjetsa New Zealand 57-53 ku Gold Coast mu 2018, chigoli chilichonse mwa 57 zija chinadutsa kaye m'manja mwa anthu ena chisanafike pa mkombero. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Amene analemba malamulo a masewerawa anangosandutsa mwambiwo kukhala lamulo la woyimbira.

Koma udindo suli pa katswiri yekha. Matimu ambiri a m'midzi satha chifukwa chosowa mpira, amatha ndi nsanje. Mmodzi akangoyamba kutchulidwa, anzake amayamba kumumana mpira, ena kumunenera kuti anakhwima, ena kumuvulaza dala pokonzekera masewero. Timaiwala kuti ofunafuna osewera akabwera kudzaona munthu mmodzi, amaona onse 22 amene ali m'bwalomo. Mbiri ya mnzako ndi imene imakokera maso a anthu ku mudzi wanu. Kukondwera ndi mphatso imene ili mwa wina, imene iwe ulibe, ndi amodzi mwa mayeso ovuta kwambiri a mtima, ndipo mpira umatipatsa mayeso amenewa Loweruka lililonse.

Ndiye pali timu ina imene siivala jezi ndipo siilowa m'bwalo. Ku tauni tikamati kholo likuthandiza mwana pa masewera, timaganiza za kugula nsapato ndi kulipira thiransipoti. Kumudzi mtengo woyamba wa masewera ndi nthawi. Maola a mwana wakumudzi amakhala ali kale ndi mwini wake: kupalira, kuthirira kudimba, kubusa mbuzi, kutunga madzi kumjigo, kutola nkhuni, ndipo kwa enafe, tikaweruka kusukulu kunali madrasa akutidikira. Mwana akapita kubwalo maola awiri, ntchito yakeyo siisungunuka ayi. Imagwera munthu wina, ndipo kawirikawiri munthuyo ndi mayi ake kapena mlongo wake. Choncho banja limene lamuuza mwana kuti "pita ukasewere" lalipira kale, olo lisanatulutse tambala imodzi.

Onjezanipo za dera lathu. Neno inakhala boma payokha mu 2003, italekana ndi Mwanza, koma mvula ikagwa misewu yambiri imasandukabe nkhani ina. Mwana wa ku Ndirande ndi mwana wa ku Magaleta akhoza kubadwa ndi luso lofanana, onse n'kuyambira pa mpira wachikulunga. Wa ku Ndirande akhoza kuyenda wapansi kukaonera Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, ndipo ofunafuna osewera amamupeza mosavuta. Wa kwathu kuti akangosewera ndi timu ya ku Lisungwi kapena ku Zalewa, pamafunika kusonkherana ya galimoto. Wina amagulitsa nkhuku, wina dengu la manachesi. Mphunzitsi wa pasukulu amasanduka kochi popanda malipiro. Mwini golosale amagula mpira. Jezi zimene zinabwera pa bonanza nthawi ya kampeni zimavalidwa zaka zingapo chifukwa pali mayi wina amene amazichapa ndi kuzisoka. Mnyamata akadzafika patali kuchokera m'malo ngati amenewa n'kumati "ndinadzivutikira ndekha," ndiye kuti waiwala, kapena sankaona.

Apa pali chinthu chimene ife anyamata tisachizembe. Ku pulayimale atsikana amasewera kwambiri: fulaye, phada, ntchemberembaye, ena mpira wamiyendo umene. Akamafika Sitandade 7 kapena 8 amayamba kusowa pabwalo mmodzimmodzi. Kodi luso lawo limatha? Ayi. Nthawi yawo ndi imene imatengedwa, ndipo mbali ina ya nthawiyo imapatsidwa kwa ife. Ngati chipambano cha mchimwene chamangidwa pa maola a mlongo wake, chilungamo chikufuna kuti tsiku lina mchimweneyo anyamule ndowa, mlongoyo apite kubwalo. Banja limene limathandiza mwana mmodzi pofinya mnzake langosamutsa katundu kuchoka pa mutu wina n'kumuika pa mutu wina.

Ngakhale kumene ndalama si vuto, banja limawerengedwabe. Ambiri tikukumbukira usiku wa pa 25 Januwale 2022, pamene Gabadinho Mhango anaponya mpira uja kuchokera kutali ku Yaoundé, n'kutipatsa chiyembekezo chakuti Flames igonjetsa Morocco. Amene anatiliza ndi fulikiki ya chigoli chachiwiri anali Achraf Hakimi. Kumapeto kwa chaka chomwecho, pa World Cup ya ku Qatar, Morocco itagonjetsa Belgium, Hakimi yemweyo anathamangira kwa ochemerera kukapsompsona mayi ake. Iye wakhala akunena poyera kuti mayi akewo ankagwira ntchito yokolopa m'nyumba za anthu ku Madrid, ndipo bambo ake ankagulitsa malonda mumsewu. Akuluakulu a mpira ku Morocco pamodzi ndi kochi Walid Regragui anaitanira dala makolo a osewera ku Qatar. Atagonjetsa Portugal 1-0, Sofiane Boufal anavina ndi mayi ake m'bwalo. Timuyo inakhala yoyamba ya mu Africa kufika mu ndime ya matimu 4 omaliza. Amayiwo sankagoletsa, zoona. Koma anthu odziwa mpira, okhala ndi madokotala ndi makompyuta, anaona kuti munthu amasewera mosiyana akadziwa kuti amene anamuvutikira akumuona.

Tsopano tiyeni timve mbali inayo, chifukwa ilipo ndipo ndi yamphamvu. Wina angati: iwe ukuti banja n'lofunika, nanga bwanji akatswiri ena anakwera banja likukana? Tabitha wanenapo kangapo kuti makolo ake poyamba sankafuna kuti mwana wamkazi azisewera mpira. Sadio Mané wa ku Senegal anachita kuthawa kwawo ku Bambali ali ndi zaka pafupifupi 15, kupita ku Dakar, chifukwa akwawo ankaona mpira ngati kutaya nthawi. Onsewa anafika pamwamba. Tabitha wakhalapo wogoletsa kwambiri mu ligi za ku Sweden, China, Italy ndi France; Mané anasankhidwa kawiri kukhala wosewera wabwino koposa mu Africa, mu 2019 ndi 2022. Ndiye mwina chofunika ndi mtima wouma basi, banja kaya likhalepo kaya lisakhalepo?

Ndili ndi mayankho awiri. Loyamba: mukayang'anitsitsa nkhani zawo, simupezamo munthu woyenda yekha. Tabitha atachoka ku Rumphi ali ndi zaka 13, timu ya DD Sunshine ku Lilongwe inamupatsa malo, ndipo amene anamulumikiza ndi timu yake yoyamba ku Sweden mu 2014 anali munthu amene anasewerapo naye. Mané achibale anamupeza n'kumubweza kumudzi, koma kenako anagwirizana naye n'kumulola kubwerera ku Dakar, kumene banja lina losakhala lachibale linamusunga, ndipo sukulu ya mpira ya Génération Foot inamutsegulira njira ya ku Metz, ku France. Pamene banja lobadwira linachedwa, anthu ena anagwira ntchito ya banja. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ntchitoyo inagwiridwa ndithu, kungoti anaigwira ndi ena.

Lachiwiri: timawerenga okhawo amene anapulumuka. Nkhani ya mwana amene anathawa kwawo n'kukhala Mané imafika pa TV. Nkhani za ana amene anathawa kwawo n'kukathera pa depoti, kapena m'manja mwa munthu wowalonjeza timu ya kunja n'kuwadyera ndalama, sizijambulidwa. Mtsikana amene analetsedwa, n'kumvera, n'kukwatiwa ali wamng'ono, palibe amene adzadziwe kuti akanafika pati. Kutenga anthu awiri amene anawoloka mtsinje wodzadza n'kumauza ana onse kuti mlatho ndi wosafunika, n'kuwaika anawo pangozi.

Yankho loyamba lija likutikhudza kwambiri, chifukwa m'midzi yathu muli ana ambiri amene akuleredwa ndi agogo, kapena ndi mayi okha bambo ali ku Joni. Kwa mwana wotere, timu ikhoza kukhala malo okhawo kumene munthu wamkulu amamufunsa kuti "dzulo unali kuti?" Kochi amene amazindikira kuti mwana wabwera osadya, mnzake amene amamubwereka nsapato chigawo chachiwiri, mayi wa mnzake amene amawonjezera mtanda umodzi wa nsima, onsewa ndi banja. Tikamakamba za thandizo la banja tisamangoyang'ana magazi, kuopa kuti mwana wamasiye angaone ngati nkhaniyi si yake.

Komanso sindikufuna kuti makolo okana tiwaone ngati adani. Mantha awo ali ndi mutu. Amadziwa kuti mwa ana onse osewera pabwalo la pasukulu, amene adzadye za mpira ndi ochepa kwambiri, mwinanso palibe. Amadziwa kuti mwendo ukathyoka, amene adzagone kuchipatala ndi iwo, osati masapota. Aonapo anyamata amene mpira unawalowetsa m'magulu a chamba, mowa ndi kubetcha. Kwa mwana wamkazi amaopa maulendo ogona komweko, makochi achimuna osadziwika bwino, ndi zovala zimene sizigwirizana ndi m'mene anamulerera. Bambo amene akuti "sukulu kaye" sakudana ndi luso la mwana wake. Akuwerengera zaka zambirimbiri zimene mwanayo adzakhale ndi moyo mpira utatha.

N'chifukwa chake kuthandiza sikutanthauza kuvomera chilichonse. Kuthandiza ndi kukhala pansi n'kupangana: masewera masiku akuti, homuweki ndi madrasa nthawi yakuti, dzuwa lisanalowe ukhale wafika, ndipo kochi wakoyo abwere tidzamuone nkhope. Ndi kuumirira kuti paulendo wa atsikana pakhale mayi wamkulu wowaperekeza. Ndi kufunafuna njira m'malo mongotseka chitseko. Tengani nkhani ya zovala: kuyambira mu 2014 malamulo a mpira wamiyendo amalola wosewera kuvala hijab, ndipo mu 2023 Nouhaila Benzina wa Morocco anakhala woyamba kusewera atavala hijab pa World Cup ya amayi akuluakulu. Chimene ambiri ankachiona ngati chosatheka chinatheka chifukwa anthu anakambirana. Kholo likakana popanda kukambirana, mwana amaphunzira kuzemba ndi kunama. Likavomera popanda malire, mwana amaphunzira kuti palibe amene akumulabadira. Ntchito yeniyeni ya ukholo ili pakati pa ziwirizi.

Palinso ngozi ina imene sitiikamba kawirikawiri chifukwa imaoneka ngati chikondi. Ndi pamene banja liyamba kuona mwana ngati munda. Akangotengedwa ndi timu ya m'tauni, foni siipuma: feteleza, fizi ya mng'ono wako, malata a nyumba, maliro. Achibale amene sanabwerepo n'kamodzi komwe kubwalo amakhala oyamba kudziwa tsiku la malipiro. Mwana uja amayamba kusewera ndi mantha, amabisa kuvulala kuti asachotsedwe pa mndandanda, amasiya kupatsira anzake mpira chifukwa akufuna dzina lake limveke msanga. Mwaona m'mene dyera la kunyumba limaonongera umodzi wa m'bwalo? Thandizo limene limabwera ndi kabuku ka ngongole ndi katapila, olo woperekayo akhale kholo.

Ndipo tisanamizane kuti kugwirizana kulikonse ndi kwabwino. Akuba nawonso amagwirizana. Kholo, kochi ndi mwana akagwirizana kuchepetsa zaka kuti mnyamata wa zaka 20 asewere ndi ana a zaka 16, umenewo ndi umodzi ndithu, koma wolanda malo a mwana wina amene ananena zoona. Vutoli linakula mpaka FIFA inayamba mu 2009 kuunika mafupa a padzanja ndi makina a MRI pa mpikisano wa osaposa zaka 17. Timu yonse ikasonkha ndalama kupita kwa sing'anga m'malo mogula mpira wokonzekerera, kapena mudzi wonse ukathamangitsa woyimbira chifukwa wapereka penate, ndi umodzinso. Choncho tisamangofunsa ngati tili pamodzi, tizifunsanso kuti tagwirizana pa chiyani. Timu yabwino ndi imene mnzako akhoza kukuuza kuti "apa walakwa" iwe osamuda, ndipo banja labwino ndi limene limakana chikho chobwera ndi bodza.

Kodi zonsezi sizikuchepetsa khama la wosewera mwini wake? Ayi. Mwa wosewera aliyense muli zinthu zitatu. Pali zimene anapatsidwa osapempha: msinkhu, liwiro, diso loona mpata. Pali zimene ena anamuchitira. Ndipo pali zimene anachita yekha: kudzuka m'bandakucha kukathamanga anzake ali m'tulo, kukana botolo anzake akumwa, kubwerera kubwalo bala litapola. Chachitatuchi palibe angamuchitire, ndipo popanda icho ziwiri zinazo zimangofumbwa ngati mbewu yosadzala. Tawaonapo anyamata amene anali ndi luso, banja lowakonda ndi timu yabwino, koma ulesi unawadya. Choncho khama ndi lake ndithu. Chimene sayenera kuchita ndi kuwerengera zitatu zonsezo ngati zake.

Nanga amene wapambana ali ndi ngongole yanji? Ine ndimasiyanitsa ngongole ndi kuthokoza. Ngongole ili ndi nambala, ukabweza yatha, ndipo wokongoza ali ndi ufulu wokulonjerera pakhomo. Kuthokoza kulibe nambala ndipo sikukakamizidwa. Nthawi zambiri sikubwerera n'komwe kwa amene anakuthandiza, kumapitirira kwa amene akubwera pambuyo pako. Mané anamanga sukulu ndi chipatala kwawo ku Bambali, mudzi umene unalibe chipatala pamene bambo ake ankamwalira iye ali ndi zaka 7. Tabitha atakhazikika ku Sweden sanatseke chitseko. Temwa anamutsatira ku Kvarnsveden, ndipo pambuyo pake anasewerera limodzi ku Wuhan, ku China. Mu 2024 Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ndi Kansas City Current, zimene panalibe anali atazichitapo m'chaka chimodzi. Njira imene mkulu wake analambula ndi imene anadutsamo. Si tonse tidzamange chipatala, koma aliyense amene wakwerako pang'ono akhoza kusiyira mng'ono wake nsapato zakale, nambala ya foni ya kochi, ndi mbiri yabwino yoti anthu azikhulupirira ana ochokera kwawoko.

Muyeso weniweni wa timu ndi wa banja umaoneka tsiku logonja. Pa 6 Febuluwale 2022, mu masewero omaliza a AFCON pakati pa Senegal ndi Egypt, goloboyi anatchinga penate ya Mané mpira utangoyamba kumene. Dziko lake linali lisanatengepo chikhochi. Kochi Aliou Cissé sanamutulutse, ndipo atafika pa mapenate, yomaliza anaponya ndi iyeyo. Anagoletsa, Senegal n'kutenga chikho koyamba. Ambiri timakumbukira penate yachiwiriyo. Ine ndimaganiza za maola awiri a pakati pa ziwirizo, pamene anzake anapitiriza kupatsira mpira munthu amene anali atangowakhumudwitsa. Kwathu mwana akaphonya penate pa bonanza, amamva mawu otani m'njira yobwerera? Nanga akafika kunyumba, amapeza nsima yotentha kapena mawu akuti "tinanena kale ife"? Mwana amene akudziwa kuti akagonja ali ndi kobwerera ndi amene amalimba mtima kuyesanso.

Tinenenso zoona zimene sitikonda kumva. Ambiri mwa ana amene akuthamanga pa mabwalo a ku Neno lero sadzafika mu Super League, kunja ndiye n'kutalitali. Ngati kupambana ndi kontirakiti ya ku Ulaya basi, ndiye kuti pafupifupi onse ndi olephera, ndipo nkhuku zonse zinagulitsidwa zija zinangopita pachabe. Ine sindikuvomereza zimenezo. Mwana amene waphunzira kufika pa nthawi yake chifukwa anzake 10 akumudikira, kukhala pabenchi osanyanyala, kupatsira mpira mnzake amene anakangana naye dzulo, kugonja osamenya munthu, wapeza chinthu chimene adzachigwiritse ntchito m'banja, kuntchito ndi m'mudzi miyendo italema. Kuno ku yunivesite tikapatsidwa ntchito ya pagulu ndimatha kuwazindikira anthu amene anakhalapo mu timu: sathawa gawo lotopetsa, ndipo sakakamira kuti dzina lawo likhale pamwamba nthawi zonse.

Ndiye ife achinyamata tichitepo chiyani? Palibe chifukwa chodikirira FAM kapena NAM kuti ifike ku Magaleta. Amene tili m'makoleji, tikapita ku tchuthi tikhoza kukhala ola limodzi ndi osewera a Folomu 2 ndi Folomu 4 kuwathandiza masamu, kuti kholo lione kuti bwalo ndi kalasi si adani. Tikhoza kupita ndi kochi kukalankhula ndi bambo amene akukaniza mwana wake, mwaulemu, titamvetsera kaye mantha awo. Amene muli ndi foni yabwino, jambulani masewero onse, osati chigoli chokha, kuti wotchinga kumbuyo nayenso aoneke. Achimwene, kamodzi pa sabata tengani ntchito ya mlongo wanu kuti iye apite kubwalo. Ndipo inu osewera, musanapemphe nsapato malizani kaye ndime yanu kumunda. Chimenecho ndi chilankhulo chimene makolo athu amachimva msanga.

Chigoli chimalembedwa pa dzina la munthu mmodzi, ndipo n'koyenera, chifukwa iye ndi amene analimba mtima n'kuponya. Palibe chifukwa chomulanda ulemu wakewo. Koma iye mwini ayenera kudziwa kuti mpira umenewo unadutsa m'manja ndi m'miyendo yambiri usanamufike, ina ya anthu amene sanapondepo pabwalo. Amene wadziwa zimenezi sadzitukumula akagoletsa, ndipo sasweka akaphonya, chifukwa katunduyo sanali wake yekha. Sabata ino, ngati unasewerapo kapena ukusewera, tenga pepala ulembe maina asanu a anthu amene anakuchitira kenakake kuti ufike pabwalo. Ukapeza dzina limene sunalithokozepo, imba foni, kapena pita ukagogode. Ena mwa iwo akukalamba.

Allah atipatse mitima yodziwa kuthokoza.